Chifukwa chake sitima yankhondo ya USS Boston inali ndi matanga ngakhale inali yachitsulo

Bambo, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti sitima yachitsulo yoyendera injini ya nthunzi, monga USS Boston imene mwaika chithunzi chake, ikhalenso ndi milongoti ya matanga, komanso ngati inathandizapo pa nkhondo.

Nkhani ya matanga gwero lake ndi malasha. M'chaka cha 1883, pamene nyumba ya malamulo ya ku America inavomereza kumanga sitima zankhondo zinayi zoyamba za chitsulo cholimba cha mtundu wa steel, zomwe ndi Atlanta, Boston, Chicago ndi Dolphin, dzikolo linalibe madoko akeake kunja osungirako malasha monga momwe Britain inalili nawo. Sitima yopita kutali ikanatha kutheredwa malasha pakati pa nyanja, choncho akuluakulu a asilikali apamadzi sanafune kusiya mphepo. Ena amawanena kuti anali okakamira zakale, koma ine ndikuona kuti mantha awo anali ndi maziko, ngakhale kuti milongoti ndi zingwezo zinkalemeretsa sitimayo ndi kutsekereza mizinga.

Boston inamangidwa ndi kampani ya John Roach ku Chester, m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo inatsitsidwira m'madzi mu 1884. Kampaniyo itagwa chifukwa cha mkangano ndi boma pa sitima ya Dolphin, asilikali apamadzi anamaliza okha ntchitoyo ku New York, n'chifukwa chake inachedwa mpaka 1887. Inali ndi mizinga iwiri ya mainchesi 8, wakutsogolo utapatukira kumanzere, wakumbuyo kudzanja lamanja, ndi ina isanu ndi umodzi ya mainchesi 6. M'mbali mwake munalibe chitsulo chochindikala chotchinga zipolopolo. Chimene chinkateteza injini chinali denga lachitsulo lopyapyala lobisika m'kati.

Pa ntchito yake, mu Januwale 1893 asilikali ake anatsika ku Honolulu pa nthawi imene Mfumukazi Liliuokalani ya ku Hawaii inkalandidwa ufumu, ndipo mu 1993 boma la America linapepesa pa zimene linachita pamenepo. Pa 1 Meyi 1898 Boston inali m'gulu la sitima zotsogoleredwa ndi George Dewey, mkulu wa asilikali apamadzi a America, zimene zinawononga sitima za Spain ku Manila Bay, ku Philippines.

Itakalamba inasanduka yophunzitsira ndi yogonamo asilikali, mu 1940 inapatsidwa dzina loti Despatch, ndipo mu 1946 anaimiza dala m'nyanja kunja kwa doko la San Francisco.