Policy ya kampani singapose Act, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti ndinu oyembekezera, abwana akuuzani kuti policy ya kampani imapereka mwezi umodzi wokha wa tchuthi cha uchembere, pomwe mnzanu wina akuti Act imanena zosiyana, ndiye mawu a Chingereziwa akusokonezani poti ife tonse timangoti malamulo. Khazikani mtima pansi. Ine ndagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri, mapepala otere ndawataipa ndi kuwasunga m'mafayilo mpaka kuwazolowera, ndiye ndikuuzeni momwe ndimawamvera.

Liwu lililonse mwa amenewa limakuuzani yemwe anapanga lamulolo, ndipo mukadziwa mwini wake mwadziwanso kulemera kwake. Ndi chimodzimodzi kumudzi: zomwe wanena nyakwawa sizingafafanize chigamulo cha gogo chalo.

Tiyambe ndi Act, poti ndi imene ikukukhudzani. Limeneli ndi lamulo lomwe ladutsa ku Nyumba ya Malamulo. Lisanadutse limatchedwa Bill, ija pa wailesi amati bilu. Aphungu akakambirana n'kuvomereza, Pulezidenti n'kusayinira, kenaka n'kulisindikiza mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo, pamenepo lasanduka Act ndipo limanga aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Yanu ndi Employment Act ya 2000, gawo 47. Gawoli limati mayi wapantchito ali ndi ufulu wopita ku tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mukalipeza, yang'anitsitsani timawu tiwiri. Koyamba ndi shall. Kusukulu anatiphunzitsa kuti shall ndi za mtsogolo, koma m'malamulo amatanthauza kuti ziyenera kutero basi, palibe kuchitira mwina. Akanalemba may, bwenzi zili kwa abwana kupereka kapena kukana. Kachiwiri ndi at least, kutanthauza kuti masabata 8 ndi poyambira. Kampani ikhoza kuonjezera ikafuna, koma kudula ayi.

Nanga policy? Iyi ndi mfundo kapena ndondomeko yomwe bungwe, kampani, ngakhale unduna wa boma umadziikira pofuna kuyendetsa ntchito zake. Si yachabe ayi. Ikanena kuti muzifika 7:30 m'mawa kapena muzivala yunifolomu, tsatirani, makamaka ngati munasayinira polowa ntchito. Koma ikangopereka zochepera pa zomwe Act yalamula, pamenepo yaphonya, ndipo siginecha yanu siyiipatsa mphamvu. Zimandiwawa kuti amayi ambiri amabwerera kuntchito thupi lisanakhwime, khanda lili la masabata anayi, chabe chifukwa liwu loti policy lanenedwa ndi munthu wovala tayi.

Pamwamba pa zonsezi pali Constitution, malamulo aakulu oyendetsera dziko, omwe tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994. Gawo 5 limanena kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu pomwe likutsutsanapo. Mukukumbukira nkhani ya maukwati a ana? Mu 2015 aphungu anadutsitsa Marriage, Divorce and Family Relations Act yoti munthu azilowa m'banja atakwanitsa zaka 18. Koma Constitution inkalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndiye panali mpata wozembera mpaka mu 2017 pomwe anaisintha. Kusintha kotereku ndi kumene amati amendment. Onani, ngakhale Act yeniyeniyo ili ndi mkulu wake.

Liwu lina lomwe mudzakumane nalo kawirikawiri ndi regulations. Aphungu sangalembe kanthu kalikonse kakang'ono, ndiye Act imapatsa nduna mphamvu yolemba tsatanetsatane wake. Chitsanzo chomwe tonse tinachiona ndi maso ndi cha majumbo opyapyala aja, oti ukaikamo tomato wa pamulu umodzi amang'ambika usanafike pa depoti. Kuletsa kwake kunabwera kudzera mu regulations za 2015, zomwe zinaletsa mapulasitiki opyapyala kuposa ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), ndipo mphamvu yake zinaitenga ku Environment Management Act. Makampani ena anakasuma, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Choncho regulations musaziderere, zimaluma ngati Act, kungoti sizingapyole malire omwe Act inaika. By-laws ndi za khonsolo, pansi pa Local Government Act ya 1998, ndipo zimagwira m'dera la khonsoloyo mokha: za tikiti ya pamsika, malo ogulitsira malonda, kutaya zinyalala. Za ku Zomba sizikumangani muli ku Mzuzu. Pomwe guidelines ndi circular ndi malangizo ndi kalata zozungulira m'maofesi zofotokoza kagwiridwe ka ntchito, sizisintha lamulo.

Tsono chitani izi. Musakangane ndi abwana pakhonde kapena pa WhatsApp. Pemphani mwaulemu kuti akupatseni policy yo yolembedwa, chifukwa nthawi zina mupeza kuti palibe pomwe inalembedwa, ndi chizolowezi chabe cha pamalopo. Kenaka lembani kalata yaifupi yopempha tchuthi cha masabata 8, mutchule Employment Act gawo 47, muikepo deti, muphatikize kalata ya kuchipatala. Chititsani fotokope ndipo amene walandira asayine pa pepala lanulo, mukalisunge kunyumba, osati mu diloo ya kuofesi. Mabwana ambiri akangoona nambala ya gawo amafewa okha.

Akakanabe, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi mapepala onsewo. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito. Ndipo ngati mukuopa kuti akuchotsani, dziwani kuti Act yomweyo imati kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ali ndi pakati ndi mlandu. Kalatayo mukailemba, ngati mukufuna wina aionepo musanakapereke, ndiuzeni, ndikuthandizani kukonza Chingerezi chake.