Thebulo la kasitima ka ana ndikhome ndi matabwa anji?

Funso: Akonzi, ndimakhala ku Salima kufupi ndi siteshoni ya sitima ndiye ana anga nkhani ndi sitima basi. Achimwene anga anawabweretsera kasitima kamagetsi kuchokera ku Joni, pabokosi analemba HO. Ndikufuna ndikhome thebulo loti njanji zake zikhazikike, ndigule matabwa anji?

Yankho: Bambo, HO ndiye kuti kasitimako anakachepetsa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, njanji zake zatalikirana 16.5mm basi, ndiye thebulo likangopindika pang'ono kasitima kamachoka panjanji. Nchifukwa chake chipboard (ija yopangidwa pomata tizidutswa ta matabwa) ndikukaniza kwamtuwagalu, chinyezi cha kunyanjako nthawi ya dzinja chimaitupitsa mpaka kumanyenyeka m'mbali. Gulani plywood ya 12mm, shiti imodzi imakhala pafupifupi 1.2m kwa 2.4m ndipo njanji yozungulira ya HO imakwana bwinobwino. Pansi pake kalipentala akhome felemu ya paini wouma, wouma ndithu osati wocheka dzana ayi, mitanda yopingasa pa 40cm iliyonse ndipo aboolemo mabowo odutsitsa mawaya. Amange ndi masikulu osati misomali, tsiku losamuka mudzangomasula.

Chomwe ambiri amaiwala ndi mkono. Wamkulu amafikira bwino mwina 75cm, nanga mwana? Thebuloli mukaligunditsa kukhoma kumbuyoko simufikako kasitima kakagwa, ndiye liikeni poti muzitha kulizungulira. Miyendo ikhale yaifupi poti ndi la ana, muipake mankhwala a chiswe musanailowetse m'nyumba.