Mwana wanu akufuna kumanga ngati ya ku Dubai ija? Mumufunse kaye funso ili

Mayi ena a ku Ulongwe andilembera kuti mnyamata wawo wa kalasi 11 anaonera Burj Khalifa, nyumba yaitali ya ku Dubai ija, pa foni ndiye basi zamulowa mmutu, akuti nayenso adzamanga zotere, pomwe bambo ake akuti asiye zolota akamaliza akasake ntchito ku malasha ku Moatize. Akufunsa kuti sukulu yake ndi iti.

Mayi, mumufunse kaye kuti chamukoka ndi chani, kukongola kwa nyumbayo kapena kuti chinthu chotalika mamita 828 chikuima bwanji osagwa? Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana ndipo ana ambiri amazisokoneza. Amene anajambula maonekedwe ake ndi Adrian Smith, koma amene anawerengera kuti iime ndi injiniya Bill Baker, onse panthawiyo anali a kampani ya SOM ya ku Chicago, ndiye omanga enieni anali a Samsung a ku South Korea pamodzi ndi makampani ena. Anayamba 2004 nkutsegulira mu Januwale 2010.

Ineyo mbali imene imandisangalatsa ndi ya injiniyayo. Mutenge khoma la damu la Cahora Bassa, lija ndi mamita 171, mulisanjikize kasanu ndiye mwangopitirira pangono. Kumtunda koteroko mdani wamkulu ndi mphepo osati kulemera ayi, nchifukwa chake nyumbayo ili ndi mapiko atatu ngati chilembo cha Y ogwirizira phata lapakati, ndipo ikamakwera imanka nichepa mwamasitepe ozungulira kuti mphepo isapeze poigwira bwino nkumaigwedeza. Anayesa kaye kachifanizo kake mmakina opemerera mphepo asanamange. Pansi napo anakhoma zipilala 192 za konkire zolowa pafupifupi mamita 50 mu nthaka. Ndiye ichi aliyense wodziwa dzuwa la mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala achimva msanga, konkire ankathira usiku ataikamo madzi oundana kuopa kuti ingauma mofulumira nkungaluka.

Ngati zimenezi ndi zomwe zikumupatsa chidwi, njira yake ndi Engenharia Civil (uinjiniya wa zomangamanga), ku yunivesite ya Eduardo Mondlane (UEM) ku Maputo kapena ku yunivesite ya UniZambeze ku Beira, ndipo masamu ndi fizika asamangokhoza mokakamiza chifukwa mayeso olowera sanyengerera. Ngati ndi uja amadzadza makope ndi zojambula, aganize za Arquitectura (kujambula mapulani a nyumba) ku UEM konko kapena ku UniLúrio ku Nampula, koma asanamizidwe kuti kumeneko masamu kulibe.

Bambo akewo musawatsutse kwambiri, ku migodi nakonso amafuna mainjiniya ndipo ISPT, sukulu yaukachenjede yophunzitsa za migodi, ili konkuno ku Tete, ndalama ya ulendo ndi lendi imachepako. Kungoti kupita ku Moatize ndi pepala la injiniya nkosiyana ndi kupita chimanjamanja. Komanso tisanamizane, nyumba ya nsanjika zoposa 160 kuno sitimanga lero kapena mawa, ntchito imene adzaipeze ndi milatho ngati wa Kassuende uja, misewu, sukulu, matanki a madzi, koma masamu ake ndi omwewo.

Holide ikubwerayi mumutumize kwa mmisiri wina aliyense amene akumanga ku Ulongweko akanyamuleko simenti sabata ziwiri, akafunse kuti nchifukwa chani amathirira madzi pa konkire mmawa uliwonse. Akabwerako akudandaula msana wokha kapena akubwera ndi mafunso ena, mudzandilemberenso.