Zilembo za d, r, m za m'makope a malemu bambo anu, ndi mbusa amene anazifalitsa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene amawerenga zimene ndimalemba. Bambo awo anamwalira chaka chatha atagwira ntchito ya uphunzitsi kwa zaka zambiri, kenako ya ubusa, ndipo pa nthawi yonseyo ankaphunzitsanso kwaya. Abale apempha mayiwa kuti alembe mbiri ya moyo wa malemuwo. Posanthula katundu wa bambo awo anapeza makope angapo odzaza ndi zilembo d, r, m, f, s, l ndi t, zolekanitsidwa ndi timizere ndi timadontho. Mafunso awo ndi awiri: kodi zilembozi zinachokera kuti, nanga munthu amene anasenza ntchito zitatu angakumbukiridwe bwanji popanda kungondandalika masukulu ndi mipingo imene anatumikira?

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo. Mafunso anu awiriwa ndiwayankha pamodzi, chifukwa munthu amene anafalitsa kalembedwe ka nyimbo kameneka, kotchedwa solofa, nayenso anali mbusa, mphunzitsi wa ana ndi mtumiki wa nyimbo, ndipo aliyense woyesa kulemba za iye amakumana ndi vuto lomwe mwakumana nalo inulo.

Dzina lake linali John Curwen. Anabadwa pa 14 Novembala 1816 ku Heckmondwike, m'chigawo cha Yorkshire ku England, ndipo bambo ake analinso mbusa. Mu 1838 anayamba utumiki ngati wothandizira mbusa mu mpingo wa Congregational ku Basingstoke, kumene anadziwika msanga kuti ankatha kuyankhula ndi ana m'njira yoti amve. Chimene anthu ambiri sayembekezera n'chakuti iye sanali katswiri wa nyimbo. Ana ankawaphunzitsa nyimbo mongotsatira ndi khutu, iye akaimba iwo n'kubwereza, ndipo atayesa kuphunzira kuwerenga manotsi olembedwa pa mizere isanu ija, zinamuvuta iye mwini. Mfundo imeneyi ndimaiona yofunika kwambiri pa moyo wake wonse, chifukwa munthu amene chinthu chinamuvutapo saiwala pamene wophunzira amapunthwa.

Mu 1841 ku Hull kunachitika msonkhano wa aphunzitsi a Sande sukulu, ndipo anthu anadandaula za kusalongosoka kwa maimbidwe m'matchalitchi ndi m'masukulu. Msonkhanowo unapatsa Curwen ntchito yofufuza njira yophunzitsira kuimba imene ikhale yosavuta ndiponso yotsika mtengo, popeza ambiri mwa anthu a m'mipingoyo anali osauka ndipo analibe nthawi yokwanira yophunzira. Iye analandira ntchitoyo monga gawo la ubusa wake, ndipo anaigwira mpaka imfa.

Pano mpofunika kunena zoona zonse. Njirayo sanaipeke yekha. Ku Norwich kunali mayi wina, Sarah Glover, mwana wa mbusa wa Anglican, amene anali ataphunzitsa kale ana kuimba kwa zaka zambiri pogwiritsa ntchito zilembo zoyambirira za mayina a manotsi, ndipo mu 1835 anasindikiza kabuku kolongosola njira yakeyo. Mayina a manotsiwo ndi akale kuposa onse awiriwa, pakuti anachokera kwa Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo ndipo ankaphunzitsa oimba ake ut (amene pambuyo pake anatchedwa do), re, mi, fa, sol, la. Glover ndi amene anasintha dzina la notsi yachisanu ndi chiwiri, imene inkatchedwa si, kuti iziyamba ndi t, n'cholinga choti isamasokonezeke ndi s ya so. Curwen atawerenga kabuku ka mayiyu anaona kuti wapeza chimene ankafuna. Anasinthamo zingapo, monga kulemba zilembo zing'onozing'ono m'malo mwa zikuluzikulu, n'kuyamba kufalitsa asanagwirizane bwino ndi mwiniwake, ndipo Glover sanakondwere ndi zosintha zonsezo. Curwen ankavomereza poyera kuti maziko anali a mayiyo, komabe dzina limene linatchuka ndi lake, la Glover n'kuzilala. Mukamalemba za bambo anu, nkhani imeneyi ikukumbutseni kufunsa kuti iwo anaphunzitsidwa ndi yani, ndipo ndani ankawakoperako nyimbo usiku kapena kugwirizira sopulano pamene iwo ali kalikiliki ndi anthu a besi. Anthu otere kawirikawiri amakhala amayi, ndipo mayina awo salembedwa.

Tsopano tsegulani limodzi mwa makopewo kuti tiliwerengere limodzi. Zilembo d, r, m, f, s, l ndi t zikuimira do, re, mi, fa, so, la ndi ti. Pamwamba pa nyimbo mupeza mawu osonyeza pamene do waikidwa, mwachitsanzo pa G kapena pa F. Chinsinsi cha njira yonseyi chagona pamenepo: do alibe malo amodzi okhazikika. Wotsogolera akangopereka liwu loyambira, manotsi ena onse amapezeka poyerekeza kutalikirana kwake ndi do, kotero woimba amene waloweza kamodzi mmene so amamvekera pamwamba pa do akhoza kuimba nyimbo yomweyo motsika kapena mokwera osasokonezeka. Kanambala kakang'ono kapena kamzere kolembedwa pamwamba pa chilembo kamatanthauza kuti notsiyo ndi yokwera, ndipo kakakhala pansi ndiye kuti ndi yotsika. Zizindikiro zinazo ndi za nthawi. Mzere woimirira umasonyeza kugunda kwamphamvu, timadontho tiwiri tosanjikizana timasonyeza kugunda kofooka, kadontho kamodzi kamagawa kugunda pawiri, ndipo kamzere kogona kamauza woimba kuti akoke liwu lomwelo. Pamene pali mpata wopanda chilembo, oimba akhale chete. Zonsezi zimalembeka ndi pensulo pa pepala lililonse, ndipo osindikiza mabuku ankatha kuzisindikiza ndi zilembo wamba popanda zida zodula za manotsi a pa mizere. N'chifukwa chake mabuku a nyimbo anatsika mtengo mpaka kufika m'manja mwa anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale.

Uphunzitsi wa Curwen umaonekera bwino pa mmene ankafotokozera manotsiwo. Ankati notsi iliyonse ili ndi khalidwe lake: do ndi wolimba, mi ndi wodekha, so ndi wowala, la ndi wolira, ndipo ti ndi wobaya amene amafunitsitsa kukwera kukapuma pa do. Mu 1870 anawonjezera zizindikiro za dzanja, chibakera cha do, chikhatho choyang'ana pansi cha mi, dzanja lolendewera la la, ndi chala choloza kumwamba cha ti. Ine ndinaonapo nkhalamba ina ikuphunzitsa kwaya motere popanda pepala ngakhale limodzi. Inkangokweza dzanja n'kulipinda, oimba n'kumalitsatira ndi maso, ndipo dzanjalo likalendewera mawu onse ankagwa mwachisoni nthawi imodzi. Ndikukhulupirira kuti nkhalambayo sinkadziwa kuti zimene inkachitazo zinachokera kwa mbusa wa ku England, monganso sadziwa aphunzitsi ambiri amene amagwiritsa ntchito zizindikirozi potsatira njira ya Zoltán Kodály wa ku Hungary, imene inazitenga kwa Curwen yemweyo.

Kuyambira mu 1844 Curwen anali mbusa ku Plaistow, kum'mawa kwa London. Mu 1853 kunakhazikitsidwa bungwe lofalitsa njirayi, mu 1863 anatsegula kampani yake yosindikiza mabuku a nyimbo, ndipo mu 1864 anatula pansi udindo woyang'anira mpingo kuti adzipereke kwathunthu pa ntchito ya nyimbo. Anamwalira pa 26 Meyi 1880 ku Heaton Mersey pafupi ndi Manchester, ndipo mwana wake John Spencer Curwen anapitiriza ntchitoyo.

Wolemba mbiri wongotsata zaka angathe kunena kuti munthuyu anali mbusa kwa zaka zakutizakuti, kenako anasiya n'kukhala wosindikiza mabuku. Ine ndikuona kuti kulemba motero n'kumulakwira. Chimene chinamutuma kufufuza njira yophunzitsira kuimba chinali chikhumbo choti mpingo wonse, kuyambira mwana mpaka wantchito wosaphunzira, uzitha kutsegula pakamwa potamanda Mulungu, m'malo mosiyira kagulu kochepa ka odziwa. Anaphunzitsa chifukwa anali mbusa, ndipo anagwira nyimbo chifukwa anali mphunzitsi amene anaona kuti mawu oimbidwa amakhazikika mumtima mwa mwana kuposa mawu ongoyankhulidwa. Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Musagawe bambo anu patatu, mutu wina wa sukulu, wina wa tchalitchi, wina wa kwaya. Funani chinthu chimodzi chimene ankachita kulikonseko. Mwina kunali kuleza mtima ndi munthu wochedwa kumva, mwina kunali kusalola kuti chinthu chopatulika chichitike mwachisawawa, mwinanso kunali kukoka anthu amanyazi kuwabweretsa kutsogolo. Mukachipeza, zaka ndi mayina a malo zidzangotsatira pambuyo pake, ndipo owerenga adzazindikira munthu amene ankamudziwa.

Chinthu chimenecho simungachipeze mutakhala nokha patebulo. Pitani kwa amene anaimba nawo, makamaka okalamba, ndipo musawafunse kuti abusa anali munthu wotani, chifukwa onse adzayankha kuti anali wabwino ndi woopa Mulungu, zimene ndi zoona koma sizikuonetsani nkhope yawo. Afunseni kuti ankatani wina akaphonya notsi, ankayamba ndi gulu liti pophunzitsa nyimbo yatsopano, ndi nyimbo iti imene ankaisankha poyendera odwala, ndiponso ngati anakwiyapo tsiku lina ndipo chinawakwiyitsa n'chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha: okalamba sayamba ndi nkhani yeniyeni, choncho khalani nawo nthawi, muwapemphe aimbe, ndipo mujambule mawu awo pafoni atakulolani. Nyimbo ikangoyamba, zokumbukira zimatuluka zokha. Funsaninso ana amene anawaphunzitsa m'kalasi, ngakhale aja amene ankawaopa. Zofooka zawo musazibise zonse. Ngati ntchito ya mpingo inkawachotsa pakhomo nthawi zambiri ndipo inu ana munkawasowa, chiganizo chimodzi chonena zimenezo mwaulemu sichichotsa kanthu pa chikhulupiriro chawo, ndipo abale amene anamva kusowa komweko adzakhulupirira zina zonse zimene mwalemba. Zaka za kubadwa, za maphunziro ndi za kudzozedwa muzitsimikize poona ziphaso zawo ndi mabuku a mpingo, pakuti pa zimenezi anthu amakumbukira mosiyana.

Za makopewo ndili ndi nkhawa yaikulu, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Amishonale atafalitsa njira ya Curwen m'maiko ambiri, ku South Africa kunadzuka anthu amene anayamba kupeka nyimbo zawozawo m'zilembo zimenezi. John Knox Bokwe wa ku Lovedale, amene anadzozedwa ubusa mu 1906, anasindikiza nyimbo zake, ndipo zilipo mpaka lero. Enoch Sontonga, mphunzitsi ndi wotsogolera kwaya pa sukulu ya Methodist ku Nancefield pafupi ndi Johannesburg, ankalemba zake m'kope. Imodzi mwa izo, imene anaipeka mu 1897, lero ndi gawo la nyimbo ya fuko la South Africa, koma kopelo linasowa iye atamwalira mu 1905, ndipo ngakhale manda ake ku Braamfontein anaiwalika kwa zaka zambiri mpaka anafufuzidwa n'kulemekezedwa ndi boma mu 1996. Ngati zinatheka kwa munthu wopeka nyimbo yoimbidwa ndi mtundu wonse, zingathekenso mosavuta kwa mbusa wodziwika kwa mipingo yochepa chabe.

Choncho musanabwereke aliyense makopewo, ngakhale wa kwaya amene mumamukhulupirira, jambulani tsamba lililonse powala bwino, kuyambira chikuto mpaka kumapeto, ndipo zithunzizo muzisunge m'malo awiri kapena atatu osiyana. Musafufute kanthu ndipo musalembemo. Pamene bambo anakhwatcha notsi n'kulemba ina pamwamba pake, pamene pensulo inadinda kwambiri, pamene analemba dzina la vesi m'mphepete mwa nyimbo, m'pamene mukuwaona akuganiza. Kenako pezani munthu wodziwa kuwerenga solofa kuti adutsemo nanu tsamba ndi tsamba, akuuzeni nyimbo zimene anakopera m'mabuku, zimene anangozikonzera magulu anayi a mawu, ndi zimene anapeka okha. Zopeka okhazo muzilembe pa ndandanda yapadera, pamodzi ndi chaka ngati chalembedwa. Pa tsiku limene abale adzasonkhane kudzamva mbiriyo, pemphani oimba akale kuti adzaimbe imodzi mwa izo kuchokera m'kope lomwelo, do ataikidwa pamene bambo anu anamuika.