Nyenyezi zam'makona zikatalika, musalimbane ndi focus

Achimwene, mwati pazithunzi zanu nyenyezi zapakati zikutuluka bwinobwino koma zam'makona zatalika ngati njere za mpunga, ndipo zayamba mutachotsa kamera ya Canon n'kuika ya ASI533MC Pro pa telesikopu yomweyo. Ngakhale mupotokole focus mpaka tambala woyamba, sizisintha. Vuto lili pa mtunda wa pakati pa flattener (galasi lowongola nyenyezi zam'mbali mwa chithunzi) ndi sensa ya kamera (kachigawo kolandira kuwala), umene amati back focus.

Ma flattener ambiri amafuna mamilimita 55. Pa Canon EF sensa ili mkati mamilimita 44, T-ring (mphete yolumikizira kamera ku telesikopu) imawonjezera 11, basi 55 yakwana. N'chifukwa chake kale zinkangoyenda osawerengera kanthu. Kamera yatsopanoyi sensa yake ili pafupi, mamilimita 6.5 okha, ndiye mpata wotsalawo mudzaze nokha. Yang'anani m'bokosi lake: muli mphete ya 11, imene nthawi zambiri imabwera itamangidwa kale pakamera, ina ya 21 ndi ina ya 16.5. Phatikizani ndi 6.5 uja muone, 55 yakwana. Koma werenganinso kapepala ka flattener yanu, poti si onse a 55. Mwachitsanzo, reducer ya Celestron ya f/6.3, galasi lina loikidwa pamalo omwewo, imafuna pafupifupi 105.

Pamene ambiri amaphonya ndi poyambira kuyeza. Yambirani paphewa lachitsulo pamene mphete imakakhazikika, osati kunsonga kwa mazinga, chifukwa mazingawo amalowa m'kati mwa mphete inzake. Lula ya kusukulu siingathandize apa. Pezani vernier caliper, chida choyezera mamilimita molondola, amakanika ena pa Dedza boma amakhala nayo. Mukaika filter (galasi losefa kuwala) pakati, onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa galasi lake: la mamilimita 2 likufuna muonjezere pafupifupi 0.7.

Masamu akakwana, chotsala n'kufunsa nyenyezi zenizenizo. Lozani pamene zachulukana, monga mu Mlalang'amba, womwe mu June ndi July umadutsa pamutu penipeni kuno. Jambulani masekondi 5 kapena 10 okha kuti kutsetsereka kwa mount (chonyamulira telesikopu chotsata nyenyezi) kusakunamizeni, kenako kulitsani makona onse anayi. Zikatalika moloza pakati pa chithunzi, kamera yayandikira kwambiri, onjezerani. Zikapindika mozungulira pakatipo, yatalikira, chepetsani. Sinthani pang'onopang'ono, theka la milimita kapena imodzi, ndi timphete topyapyala ta saizi ya M42 kapena M48, ndipo mukasintha konzaninso focus musanaweruze. Ngati kona imodzi yokha ndiyo yaipa, zina zili bwino, umenewo si mtunda ayi, kamera yapendama. Onani zomangira za focuser, chigawo cha telesikopu chosinthira focus.

Ine ndikanakhala inu, zomanga zonsezi ndikanachita masana patebulo. Kuzizira kwa Dedza usiku wa July zala zimauma, ndipo mphete ya aluminiyamu yomanga mwamphamvu imakakamira osamasukanso, choncho mangani ndi dzanja, ikangofika lekani. Musadikirenso September, utsi wa moto wolusa ukadzaza kumwamba. Mukayesa, tumizani chithunzi chathunthu osadula m'mbali, ndi dzina la flattener yanu, tione limodzi makonawo.