Mabiringanya kuno ku Joni: musathamangire aakulu aja

Achemwali, mwati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, ndipo mutafika m'sitolo mwapeza mapaketi a mabiringanya amitundumitundu mpaka mutu unaima. Ine ndawalima kuno kwa zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso anga.

Musayambire pa paketi, yambirani pa nyengo. Ku Salima kapena ku Chikwawa biringanya sachedwa, dzuwa la kumeneko limamulera lokha. Kuno si choncho. Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, kuposa ngakhale pa Dedza boma pomwe timati n'pozizira paja. Masana kumatentha ndithu, koma usiku kamphepo kamabwerabe ngakhale mu Novembala, ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimawauliratu mbewu imeneyi. Biringanya amafuna kutentha kuposa tomato. Usiku kukazizira amangoima osakula, maluwa n'kumayoyoka. Ndiye miyezi yanu yeniyeni ndi kuyambira Okutobala mpaka Epulo basi.

N'chifukwa chake ine ndimati sankhani mitundu yobereka zipatso zazitali zowonda kapena zazing'ono. Paketi yomwe mudzaipeze paliponse ndi ya Black Beauty, wakuda wonenepa uja. Ndi mtundu wakalekale, unatuluka ku America mu 1902, ndipo sindikuunyoza, ndi wokoma. Vuto lake ndi loti umachedwa, komanso tsinde limodzi limangokupatsani zipatso zowerengeka chifukwa chilichonse chimadya mphamvu zambiri kuti chikule. Chaka changa choyamba ndinafesa ameneyu mu Novembala, poganiza za kwathu kuti mbewu timabzala ndi mvula yoyamba. Pomwe zipatso zimati ziyambe kuoneka bwino, kuzizira kunali kutafika kale. Ndinangodyapo kawiri, ntchito yonse ija.

Chaka chotsatira ndinabzala Long Purple, ndipo mpamene ndinadziwa kuti vuto silinali dzanja langa. Ameneyu amayamba kubereka msanga, ndipo mukamathyola amangophukira maluwa ena. Mukapeza Ping Tung Long wa ku Taiwan, musamusiye: khungu lake ndi lopyapyala, sawawa, simufunika kumusenda kapena kumunyika m'madzi amchere. Mungomuduladula, kaanyezi, katomato, mphindi zochepa ndiwo zapsa. Kutendera nsinjiro ndiye musachite kunena. Palinso Little Fingers amene amabereka m'magulumagulu ngati zala, ndipo ndi amene ndingakuuzeni kuti mubzale ngati pamalopo ndi pasimenti. Chidebe cha malita 20 chobowola pansi chimakwana tsinde limodzi, ndipo landilodi akakusamutsani mumangonyamula dimba lanu pabakkie. Aja okongola amizeremizere ngati Listada de Gandia, kapena Rosa Bianca wa ku Italy, adikireni kaye mpaka dzanja lizolowere.

Pofunsa m'sitolo nenani kuti brinjal, ndi dzina lomwe amalidziwa kuno. Mbewu za Starke Ayres, Mayford ndi Kirchhoffs zimapezeka m'masitolo ambiri, koma mitundu yachilendoyi ine ndimaiona kwambiri kwa a Livingseeds, omwe amagulitsa pa intaneti. Paketi ikalembedwa F1 dziwani kuti ndi haibulidi, ngati chimanga chija timagula chaka ndi chaka. Imabereka bwino, koma njere zake mukasunga ana ake satengera kholo. Black Beauty, Long Purple ndi Ping Tung mungathe kusunga mbewu, bola musabzale mitundu iwiri mogundizana chifukwa njuchi zimasakaniza.

Musanagule n'komwe, kalaweni. Pitani ku Fordsburg kapena ku Lenasia kumasitolo a amwenye, mukagule aatali pang'ono ndi ozungulira ang'onoang'ono aja pang'ono, muphike. Palibe chifukwa cholimbana ndi mbewu miyezi isanu kenako ana n'kumakankhira mbale kutali.

Palinso impwa, zomwe ena amati zimphwa. Zimenezo ndi msuweni wa biringanya, ndipo kuno zimachita bwino zikafesedwa msanga. Ku msika wa ku Yeoville, komwe kumagulitsa anzathu a ku Congo ndi ku Nigeria, mumazipeza. Koma samalani: zoyera kapena zobiriwira zomwe timadya zija ndi zosakhwima, njere zake sizimera bwino. Funani yomwe yafiira ndi kufewa, imene wogulitsa akufuna kutaya, ndiyo ili ndi mbewu.

Kafesedwe kake: fesani mu Ogasiti m'timakontena m'nyumba, pawindo loyang'ana kumpoto. Njere zimafuna dothi lofunda, ndipo zimatha sabata ziwiri kapena kuposerapo zisanatuluke, ndiye musafulumire kutaya mtima. Mbande zimakhala pafupifupi miyezi iwiri musanawokere. Wokerani mu Okutobala, motalikanitsa masentimita 60, pamalo owomba dzuwa tsiku lonse, makamaka pafupi ndi khoma lomwe limasunga kutentha. Ngati Ogasiti wakupitirirani, gulani mbande ku nazale, musavutike ndi njere. Pomwe panali tomato, mbatatesi kapena tsabola chaka chatha pasiyeni, onsewa ndi banja limodzi ndipo amapatsirana matenda ofota.

Adani anu akulu ndi awiri. Matalala a kuno mukuwadziwa, amagwa masana mosachenjeza ndipo masamba a biringanya ndi aakulu, amang'ambika ngati pepala. Kaneti kophimba pamwamba pa mbewu kamathandiza. Apa napo aatali amapambana, chifukwa akawonongeka amaberekanso ena msanga, pomwe wamkulu mmodzi akabooka mwaluza mwezi wathunthu. Mdani wachiwiri ndi tiakangaude tofiira tomwe timabisala kunsi kwa masamba kukauma. Mukaona masamba akuchita mawangamawanga achikasu, atembenuzeni, muwatsuke ndi madzi kunsiko. Kuthirira chitani m'mamawa kapena madzulo, pajatu m'chilimwe khonsolo imaletsa kuthirira m'munda kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo.

Thyolani khungu likadali lonyezimira. Likayamba kuzimirira ndiye kuti njere zalimba ndipo kuwawa kwalowa. Dulani ndi mpeni, musamazule ndi dzanja, pakhosi pake pali timinga. Pa banja lanulo, Long Purple anayi ndi impwa ziwiri zikukwanirani chaka chino. Mukafuna mbewu ya Ping Tung ndiuzeni ku inbox, ndili nayo ina m'kabotolo.