N'chifukwa chiyani magalimoto akale owombera ndege analibe denga?

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amakonda kuwerenga za nkhondo zakale. Funso lawo linali lakuti: "Ndaona zithunzi za magalimoto ankhondo owombera ndege. M'mbali anawakuta ndi zitsulo, koma pamwamba pali yasa. Ndegetu imabwera ndi kumwamba, ndiye chitsulo cham'mbalicho chinkateteza chiyani? Kodi opangawo sanaganize?"

Achimwene, anaganiza ndithu, ndipo anavutika nalo funsoli kwa zaka zoposa 50. Ndiyambe ndi kumene zinayambira, chifukwa adani oyamba a mfuti zimenezi sanali ndege ayi.

Mu 1870 asilikali a Prussia, ufumu wina wa ku Germany, atazinga mzinda wa Paris, anthu a mumzindamo ankatumiza makalata ndi anthu kunja pogwiritsa ntchito mabaluni akuluakulu. Nduna ina, Léon Gambetta, inathawa motero mu October chaka chimenecho. Kampani ya Krupp ya ku Prussia inapanga kamzinga ka mamilimita 37 koloza kumwamba, kokwezedwa pangolo yokokedwa ndi mahatchi, kuti kazithamangitsa mabaluniwo. Nzeru yake inali yomweyi imene inatsatira m'zaka zonse zam'tsogolo: chinthu chouluka sichidikira, choncho mfuti nayo iyenera kuyenda.

Mu 1906 kampani ya Heinrich Ehrhardt ku Germany inaonetsa ku Berlin galimoto yokutidwa ndi chitsulo, yokhala ndi mzinga wa mamilimita 50 wowombera mabaluni. Imeneyitu inali yotchingidwa bwino, monga mmene inu mukufunira. Koma chitsulo chake chinali cha mamilimita pafupifupi 3 okha, ndipo mzingawo unkangotembenuka pang'ono kumanja ndi kumanzere. Chouluka chikadutsa cha kumbuyo, pamafunika kutembenuza galimoto yonse. Asilikali a Germany sanaigule, ndipo ine ndikuona kuti sanalakwitse.

Kuti mumvetse, taganizani za mnyamata wolasa njiwa youluka ndi legeni. Saloza pamene pali njiwayo, amaloza kutsogolo kumene ikupita. Ndege ya m'nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, tiyerekeze ikuthamanga makilomita 130 pa ola, imayenda mamita 36 pa sekondi iliyonse. Ngati chipolopolo chitenga masekondi 10 kuti chikafike kumwambako, ndegeyo yasuntha kale ndi mamita 360. Ndiye panali msilikali woyeza kutalika, wina woyerekeza liwiro, wina wotchera kachipangizo ka pachipolopolo kuti chikaphulike nthawi yake ikakwana, wina wozunguza mzinga. Onsewa ankadalira maso ndi makutu basi. Kunalibe rada, chipangizo chozindikira ndege ikadali kutali. Munthu wotsekeredwa m'bokosi lachitsulo, akusuzumira pakabowo ngati ka kiyi, sangaone kadontho kakuda kakutuluka m'mitambo, ndipo mkokomo wa injini ya ndege saumva msanga. Akamadzaiona imakhala itaponya kale bomba. Denga likanawapha anthu amene linkayenera kuwateteza.

Nanga chitsulo cham'mbali? Chinali cha zidutswa za mabomba ophulikira pafupi, ndiponso zipolopolo za adani apansi. Bomba kugwera ndendende mkati mwa galimoto sizinkachitika kawirikawiri. Zimene zinkavulaza asilikali tsiku ndi tsiku zinali zitsulo zothetheka kuchokera m'mbali.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi malole a Pierce-Arrow. Ankapangidwa ku Buffalo ku America, kenako ku Britain n'kuwakuta ndi chitsulo cha mamilimita 5, ndipo asilikali a Royal Marine Artillery anapita nawo ku France mu 1915. Dalaivala anali m'kachipinda kotchingidwa, koma kumbuyo kunali mfuti ya Vickers pamalo opanda denga. Mfutiyo ankaitchula kuti pom-pom potengera kulira kwake. Inkawombera mofulumira, koma ndege zitayamba kuuluka m'mwamba kwambiri, zipolopolo zake zinkaperewera panjira, ndipo anaisiya n'kutenga mizinga ikuluikulu.

Mzinga ukakula, vuto lina limabadwa. Ukawombera choloza kumwamba, mphamvu yonse imakankhira pansi, pa masipuling'i ndi matayala, ndipo galimoto imagwedezeka moti chipolopolo chachiwiri chimapita kwina. N'chifukwa chake a ku France, pa galimoto zawo za De Dion-Bouton zonyamula mzinga wotchuka wa mamilimita 75, ankayamba atsitsa majeke kuti galimoto ikhazikike. Chitsulo chotetezera anachichepetsa kwambiri, poti injini za nthawiyo sizikanatha kukoka mzinga, zipolopolo, anthu ndi chitsulo cholemera pamodzi m'matope. Komabe mzinga woterewu ndi umene unagwetsa Zeppelin LZ 77, chibaluni chachikulu chankhondo cha Germany chokhala ndi injini, ku Revigny pa 21 February 1916, tsiku limene nkhondo ya ku Verdun inayamba. A ku Russia nawo anakweza mzinga wa Lender wa mamilimita 76 pa malole a Russo-Balt, nawonso ali ndi zochirikiza pansi.

Pakati pa Nkhondo Yoyamba ndi Yachiwiri ya Padziko Lonse a ku Britain anayesa Birch gun, mzinga woikidwa pa thupi la kasinja umene unkatha kuloza pafupifupi molunjika kumwamba, koma akuluakulu a asilikali anautaya. Amene anapita patsogolo anali a ku Sweden. Kampani ya Landsverk inaika mfuti ya Bofors ya mamilimita 40 pa kasinja, m'chipinda chozungulira mbali zonse, chotchingidwa m'mbali koma chopanda denga. Dziko la Hungary linapanga 135 otere pa dzina loti Nimród, ndipo Finland inagula 6 okha mu 1942, amene anagwira ntchito yaikulu pa nkhondo yolimbana ndi Soviet Union mu 1944. Kwa ine, apa ndi pamene anapeza muyeso woyenera.

Ngakhale a ku Germany, amene ndege za adani zinawasautsa koopsa cha mu 1944, anafika pomwepo. Möbelwagen, kutanthauza galimoto yonyamula mipando, inali ngati bokosi, ndipo pofuna kuwombera adani apansi ankagwetsa zipupa zake, asilikali n'kutsala pambalambanda. Wirbelwind inali ndi mfuti 4 za mamilimita 20 m'chipinda cha mbali 9, pamwamba posatseka. Apa panalinso chifukwa china chimene anthu amaiwala: utsi wa onga wa mfuti zinayi zolira nthawi imodzi ukanatsamwitsa anthu m'chipinda chotseka. Anayesa kupanga yotseka yotchedwa Kugelblitz, koma nkhondo inatha atangopanga zochepa chabe.

Denga linadzakhazikika m'zaka za m'ma 1960, pamene Soviet Union inatulutsa ZSU-23-4 Shilka, ndipo kenako West Germany inapanga Gepard. M'magalimoto amenewa rada ndiyo imafufuza ndege, makina n'kuwerengera poti aloze, msilikali ali mkati akuyang'ana pa sikirini. Mukaonanso zithunzi zakale zija, achimwene, yang'anitsitsani mitu ya asilikaliwo. Nthawi zambiri mupeza wina atapenya kumwamba, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.